Khoma Lofika M'khosi

Ine madzi otentha sindinawapemphe. Izi zidziwike poyamba.

Ndinagwira ntchito ya mapayipi pasukulu ina yogonera komweko ku Dedza, kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi. Madzi osamba ana a sukulu ndinkatenthetsa ndine, m'migolo yogoneka pang'anjo ya njerwa, nkhuni za paini zikuyaka pansi pake. Mwezi wa June, udzu utayera ndi chisanu, ana a eni ake ankasamba ofunda. Ine ndinkasamba ozizira kuseri kwa nyumba yanga. Sindinadwalepo nazo.

Mayi a ana anga atamwalira, maso anga anachita ng'ala. Mwana wanga wamkazi amasesa ndi kukolopa pachipatala china cha maso ku Dubai. Anachonderera dokotala wa pamenepo kuti andichotse ng'alazo pamtengo wotsika, dokotalayo n'kuvomera. Ndinakana. Analira pafoni. Ndinakwera ndege, chikwama changa nditachimanga ndi zingwe za mphira zodula ku chubu cha njinga, poti zipi yake inali itafa kalekale.

Ankakhala ku Al Nahda, kumalire ndi Sharjah, m'chinyumba chosanjikizana chimene sindinaone pothera pake. Fulatiyo inali m'dzina la amayi ena a ku Chipata. Ndiwo anasaina ndi eni ake ngati banja limodzi, ndipo ndiwo ankagona m'chipinda chenicheni cha khoma la simenti. Balaza lonse anali atalidula tizipinda ndi mabolodi a jipisamu, n'kumachititsa lendi. Jipisamu si thabwa. Ndi choko chopanikizidwa pakati pa mapepala awiri. Ukatsamira chimalira. Makomawo sankafika kusiling'i. Ankasiya mpata pamwamba kuti mphepo ya makina oziziritsa izifikira onse, ndipo pamodzi ndi mphepoyo pankadutsa chifuwa cha uyu, pemphero la uyo, ndi mikangano ya pafoni.

Kachipinda ka mwana wanga kanali kogundana ndi khoma la bafa, kotchipa kuposa tonse. Bedi, sutikesi kunsi kwake, msomali wopachikapo yunifolomu. Basi. Koma tsiku limene ndinafika sanayambe ndi kundionetsa bedi. Anatenga dzanja langa n'kuligwiritsa loko wa pachitseko.

"Ababa, gwirani. Kiyi wake ndi uyu. Ndili naye ndekha."

Ndinati ndaona. Sindinamvetse. Anadzandiuza pang'onopang'ono masiku otsatira. Zaka zake zoyamba m'dzikomo ankalera ana m'nyumba ya madamu ena, akugona m'kachipinda ka makina ochapira, chitseko chopanda loko. Wofuna malaya ake ankangokankha, kaya iye ali m'tulo, kaya akuvala. Anapirira mpaka anapeza ntchito ya kuchipatala. Malipiro oyamba anagulira loko ameneyo asanagule nsapato.

Kwathu bambo salowa kuchipinda kwa mwana wamkazi wotha msinkhu. Kumeneko ndinagona pabedi pake, iye n'kumayala matiresi pansi kwa amayi a ku Chipata.

Lamulo la m'nyumbamo linali limodzi. Amayi aja anandiuza ndisanavule ndi nsapato zomwe.

"Atate, muno chikaonongeka chilichonse, sitiitana a ofesi ya pansi, oyang'anira chinyumba ichi. Akalowa n'kuona mapatishoni aya, khalas, zatha, tonse panja. Kudula nyumba tere n'koletsedwa."

Ndinafunsa kuti nanga mpopi ukafa.

"Timaupempherera chabe," anatero.

Choyamba kundipusitsa chinali mpopi womwewo. Ndinafika kudakali kotentha. Ndinatsegula wabuluu kuti ndisukusule, madzi n'kundiwotcha zala. Thanki yaikulu ili pamwamba pa chinyumbacho, padzuwa, ndipo miyezi yotentha madzi amatsika ofunika kusosolera nkhuku. Ndiye anthu amazimitsa hita, thanki yaing'ono yotenthetsera madzi imene imabisika m'siling'i ya bafa. Madzi akagona mmenemo, pamthunzi, amazizira. Choncho mpopi wofiira ndiwo wa madzi ozizira, wabuluu ndi wa otentha. Zaka zonse zija ndikulumikiza mipopi, ndinakaphunzitsidwa kusamba ndi mwana wanga.

Tsiku la opaleshoni dokotala ankalisunthasuntha. Ndinakhala. Inafika January, kunja n'kuzizira, mwa iwo. Anthu ankatuluka atavala zipewa za ubweya ndi majekete ngati akukwera phiri la Dedza. Kwa ine kunali ngati April wa kwathu. M'fulatimo hita sankaiyatsa ngakhale nyengo imeneyo, kuopa bilu ya magetsi. Aliyense ankawiritsa madzi m'ketulo n'kusakaniza m'ndowa yake. Ine ndinkangosamba a kumpopi.

M'mawa wina mwana wanga anandiona ndikutuluka m'bafa ndikusisita manja. Sanafunse. Tsiku lotsatira, asanathamangire basi, anakanikiza swichi ya hita, n'kuuza amayi a ku Chipata kuti chowonjezera pabilu alipira yekha.

"Ababa, madzi ndakonza."

Madzi okonza mwana sakanidwa. Ndinasamba ofunda. Anali abwino.

Enanso anawapeza abwino. Munali dalaivala wina wa ku Lusaka, mwini kachipinda kakakulu kuposa tonse. Iyeyo ankalowa m'bafa n'kuimba nyimbo mpaka kumaliza mavesi onse, anthu ali pamzere ndi matawulo. Sabata isanathe, siling'i ya bafa inayamba kudontha.

Onse atapita kuntchito ndinakwera pampando, n'kukankha chigawo chimodzi cha siling'i. Maso anga panthawiyo ankaona ngati a munthu amene ali m'khitchini yofuka utsi wa nkhuni zaziwisi, koma zala zinali zanga. Ndinapapasa mapayipi onse awiri. Anali ouma. Ndinapapasa thanki. Kunsi kwake, pamsoko, dzimbiri linkayoyoka ngati khungwa la bulugama. Chitsulo chodwala chikagona mozizira chimabisa matenda ake. Ukachitenthetsa chimafutukuka, n'kuulula.

Ndinazimitsa swichi. Izo sizitseka madzi. Ndinafuna vavu yotsekera madzi olowa m'thanki. Inali itauma gwa. Nditaikakamiza, chogwirira chake chinathyokera m'manja mwanga. Vavu yaikulu ya fulati yonse inali panja, m'kabati yokhoma ya m'khonde, kiyi wake ali ku ofesi ya pansi. Ndinaima pampandopo, madzi akutsika m'mkono mpaka m'khwapa, ndikudziwa kuti m'nyumba yonseyo mulibe malo amene ndingawaimitsire.

Ndinamasula chikwama changa. Ndinadula chidutswa cha patapata wakale, n'kuchiphimba pamsoko, n'kuzunguliza thanki ndi zingwe za mphira zija, ndikukoka mpaka zala kuchita dzanzi. Chingwe cha mphira chimamanga payipi. Thanki sichimanga. Ndinkadziwa. Koma madzi anachepa, n'kukhala madontho, ndipo madzulo anthu atabwera anandiombera m'manja. Amayi a ku Chipata anandiphikira tiyi wa mkaka. Mwana wanga anagwada pondipatsa, nkhope ikuwala. Ndinamwa tiyiyo.

Masiku otsatira sindikonda kuwakumbukira. Ndinkatsala ndekha kuyambira mmawa. Ndinaika beseni m'siling'imo. Likadzaza ndinkakwera pampando, kulitsitsa, kutaya, kulibweza. Mawondo anga si a mnyamata. Ndikakoka chingwe kuti nditseke apa, dzimbiri linkaboola apo. Ndinadula patapata wachiwiri. Ndinadula ndi lamba wanga. Kenako madzi anasiya kugwera m'beseni mokha. Anapeza njira m'zitsulo za siling'i, n'kutsika mkati mwa khoma, n'kudzatulukira pansi m'kachipinda ka mwana wanga, kunsi kwa bedi. Ndinkayala matawulo, kufinya, kuyalanso. Sutikesi yake ndinaikweza pabedi. Ndinkadya nditaimirira, khutu lili kubafa.

Chimene tonse tinkaopa chinali pansi pathu. Madzi sakwera. Akaboola siling'i ya anthu a m'munsi, iwo akadandaula ku ofesi, ofesi ikubwera osagogoda kawiri.

Dalaivala uja anabweretsa mnzake, mmisiri wa ku Pakistan amene amakonza zinthu mwamseri akaweruka kuntchito. Analowa manja ali m'thumba ngati mlendo wamba. Anakwera pampando, anayang'ana, anatsika. Anati hita yafa, pafunika yatsopano. Mtengo umene anatchula, kuphatikiza ntchito, unali theka la malipiro a mwezi a mwana wanga. Mwana wanga anati alipira. Sindidziwa akanadya chiyani. Koma mmisiriyo anapukusa mutu. Anati ndalama si nkhani. Hita silowa m'thumba. Pakhomo pali mlonda ndi makamera, ndipo chinthu chotere sichikwera lifiti popanda pepala la ofesi. Ngakhale itakwera, madzi atseka ndani? Potuluka anawonjeza kuti sakumvetsa chimene tikuvutikira. Hita ndi ya mwini nyumba. Ikafa amasintha ulere.

Tinayang'anana. Cha ulerecho ndicho sitikanatha kugula.

Lamulungu titabwera kuchokera kutchalitchi tinasonkhana m'khitchini, choimirira, poti malo okhala munalibe. Dalaivala ndiye anayamba.

"Manje ndani anayasha hita? Zaka zonse tisamba na ketulo, kulibe vuto. Babwela ba mudala, mwayamba va mu hotelo."

Mwana wanga anaweramitsa mutu. Ine sindinaweramitse.

"Iwe mnyamata, madziwo ankamaliza ndani? Nyimbo zako ndaloweza ndili pamzere."

Atsikana awiri apachibale a ku Mulanje, amene ankagona kachipinda ka pakati, anaseka atagwira pakamwa.

"Nenze kusamba chabe vamene vinalipo," anatero dalaivala. "Sindine ninayasha."

"Lekani," anatero amayi a ku Chipata. Mawu awo anali otsika. "Mzimayi wa pansi wanifunsa mu lifiti. Ati siling'i yake yachita banga. Ati mawa akaona likula, apita ku ofesi."

Madontho a kubafa ankamveka mpaka m'khitchinimo.

Ndinati, "Itanani ofesi ndinu, asanaitane iye."

"Atate, mufuna kutigoneka panja?"

"Makoma awa anamangidwa ndi masikuluwu. Chomangidwa ndi sikuluwu chimamasuka. Tiwachotse lero. Mawa abwere, apeze balaza, akonze. Akapita tiwabwezere."

"Muzaona bwanji masikuluwu na maso ayo?"

"Sikuluwu sifuna maso."

Anakangana kwakanthawi. Panalibe wina wa nzeru ina. Anthu atabalalika kukalongedza, mwana wanga anandiimitsa pakhomo pa khitchini. Analankhula motsitsa.

"Ababa, langa lija libwerera?"

"Libwerera."

Ndinayankha msanga. Khomalo ndinali nditaligwira kale m'munsi pofinya matawulo, ndipo ndinkadziwa mmene linkamvekera m'zala. Koma mwana akafunsa ndi mawu otere, bambo ayankha chiyani?

Makina oboolera sitikanagwiritsa ntchito, aphokoso. Ndinamasula ndi sikuludilaiva ya pamanja, ndikufufuza mitu ya masikuluwu ndi chala kunsi kwa penti. Bolodi lililonse ndinkalisema m'mphepete ndi mpeni kuti ndidzalizindikire pokhudza. Masikuluwu a munthu aliyense ndinkaika m'kapu yake. Amuna ankanyamula mabolodi kukawasanja m'chipinda cha amayi a ku Chipata, matiresi pamwamba pake, masutikesi pamwamba pa matiresi.

Khoma likagwa, moyo wa munthu unkaonekera. Mapoto kunsi kwa bedi. Zithunzi za ana. Mankhwala amene mwini wake sanauzepo aliyense. Zovala zamkati pachingwe. Anthu amene akhala zaka akumvana mkonono anayamba kuyenda maso ali pansi. Ndinathokoza kuti anga sankaona.

Atsikana a ku Mulanje anatseka zibowo za m'makoma a simenti ndi mankhwala otsukira mano. Ena anakwecha mizere imene makoma anasiya pamatailosi. Nsapato za pakhomo, misuwachi, ndowa, zonse zinabisidwa, kusiya za anthu awiri.

La mwana wanga ndinalisiya komaliza. Nditamasula sikuluwu yotsiriza, bolodi silinabwere m'manja mwanga ngati enawo. Linakhala pansi. Kuyambira m'chiuno kutsika linali phala. Ndinayesa linzake. Chimodzimodzi. Pepala linkasendeka, choko chikutuluka m'mipata ya zala zanga. Chinatsala ndi chitseko, zitsulo za felemu, ndi zidutswa za pamwamba.

Mwana wanga anadutsa pambali panga, ananyamula chitsekocho yekha, loko ali pomwepo, n'kukachiimika m'chipinda cha amayi aja. Anabwera ndi tsache n'kuyamba kuwola khoma lake.

Lolemba onse anapita kuntchito. Amayi a ku Chipata anapempha tchuthi cha theka la tsiku. Anakokera mpando pakati pa balaza, limene tsopano linali lalikulu ndi lopanda kanthu ngati kalasi patchuthi.

"Atate, lero ndimwe amuna anga. Valani jekete, munkhale apa."

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Mkazi wanga wagona kumanda ku Dedza."

"Sininakambe kuti tipite ku tchalitchi tikadalitse. Nkhalani chabe. Mukwiye monga mwa masiku onse, azakhulupirira."

Ndinavala jekete. Ndinakhala.

Anabwera amisiri awiri ovala maovolosi ofanana. Anatseka madzi panja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri bafa linakhala chete. Ndinamva akutsitsa thanki, kenako mmodzi akuseka. Wamkuluyo anabwera pamene ndinakhala, n'kufunsa m'Chingerezi chothyoka ngati changa kuti wamanga ndani. Ndinaloza pachifuwa panga. Anati kwawonso amatero, ndi chubu cha njinga chomwecho. Anakulunga zingwe zanga bwinobwino n'kundiika m'manja.

Atamaliza anati ajambule zithunzi za ku ofesi. Ndinamva mapazi ake akuyenda pabalaza, kuima, kuyendanso. Kenako anandigwira paphewa.

"Baba, yalla, imani pang'ono."

Anakoka mpando wanga, n'kundikhazikanso pena. Anajambula, anapita. Amayi a ku Chipata anatseka chitseko n'kukhala pansi pamatailosi. Anati pamalo amene anandisunthirapo panali mzere wa khoma umene unakana kukwecheka. Mmisiri uja anaupondaponda ndi nsapato, n'kuukhazika mpando wanga pamwamba.

Hita inali yaulere, zoona. Koma ofesi inati tinachedwa kunena, choncho siling'i ya bafa ndi banga la anthu a pansi tilipira ndife. Amayi aja anagawa mtengowo kwa onse. Dalaivala analipira akutukwana.

Makoma ndinawabwezera limodzilimodzi, aliyense lake, masikuluwu ake. Palibe linapendekeka. Anthu anabwerera m'mapanga awo n'kutseka zitseko. Pakona ya kubafa panatsala bedi la mwana wanga poyera, felemu ya zitsulo yopanda kanthu, ndi chitseko chotsamira khoma. Ndinagona pamenepo, aliyense wopita kubafa akundilambalala.

Mabolodi atsopano sakanalowa. Akale aja analowa chinyumbacho chili chatsopano, mlonda wa nthawi imeneyo ali mnzawo wa amayi a ku Chipata. Wa tsopano sankamudziwa. Bolodi ndi lalitali kuposa munthu, silibisika. Ndinati tilidulire panja tizidutswa. Amayi aja anakana. Anati ofesi yangotuluka kumene muno, maso ali pa ife, safuna ndi fumbi lomwe la jipisamu mu lifiti.

"Mwana wanga," anauza mwana wanga, "tipachike katani. Lendi nizakuchotserako."

"Katani ilibe loko, amama."

"Manje tichite bwanji?"

Mwana wanga anali atangofika kuchokera kuntchito, yunifolomu ikununkha mankhwala okolopera. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuvula nsapato. Kenako ananena, osati kwa ine, kuti madamu ake akale amamuimbirabe. Akuti ana amamufuna. Kumeneko kulibe lendi. Tizipinda tina ta ku Al Nahda anafunsa kale, sangakwanitse, ndipo kotchipa n'kutali, basi yake sangafike nayo kuchipatala nthawi yabwino.

"Ababa akangochira diso, ndibwerera," anatero. "Kachipinda kaja ndinakazolowera."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Mawa lake ndinatsala ndekha monga mwa masiku onse. Ndinayenda m'kanjira ka pakati pa tizipinda, dzanja lili m'mwamba, ndikupapasa mitu ya makoma. Onse anali aatali kuposa mmene munthu amafunira. Palibe mmodzi m'nyumbamo amene mutu wake unkafika pamenepo. Khoma lililonse likanatha kupereka zikhatho ziwiri za pamwamba, mwini wake osaonekera. Ndinayeza ndi chingwe, ndinaphatikiza m'mutu ndi zidutswa zimene zinapulumuka. Onse akapereka, khoma likwana.

Ine sindinapemphepo munthu mchere. Madzulo amenewo ndinagogoda pachitseko chilichonse, chipewa chili m'manja.

Atsikana a ku Mulanje anati, "Dulani, agogo, mphepo izilowa bwino." Bambo wina wa ku Mzimba, mlonda wa m'sitolo, anati dulani, bola fumbi lisagwere pabedi. Mtsikana wina wa ku Lusaka wogwira m'saluni anaganiza kaye, kenako anavomera. Ndinafika kwa dalaivala. Makoma ake ndiwo anali aatali m'litali. Popanda iye chingwe changa sichinkakwana.

Anatsegula theka.

"Ba mudala, nalipila kale siling'i yamene sininaononge. Manje mufuna na chipupa changa?"

"Zikhatho ziwiri zokha. Pamwamba."

"Nikaimilila pa bedi bantu bazaniona."

"Pabedi umaimirira chifukwa chiyani?"

"Ni bedi yanga."

Ndinamutchula achimwene, munthu wa msinkhu wa mwana wanga. Ndinati chonde. Mawu amenewo ndinawanena komaliza kwa dokotala wa mayi a ana anga.

"Awe, ba mudala. Sinifuna."

Anatseka. Khoma ndi lake. Sindinamutemberere. Sindimupemphereranso.

Ndinadula zimene anandipatsa, ndi mpeni, polemba mzere kawirikawiri mpaka choko kuthyoka chokha. Zidutswazo zinali zazitali, zopyapyala. Ndinazigoneka chopingasa pafelemu, china pamwamba pa chinzake, kuyambira pansi, ngati mmene timakhomera khola la nkhumba ndi makungwa a paini. M'mipata ndinamata tepi. Masikuluwu anachepa, ndinachotsako ena kumene makoma a anthu anali nawo ochuluka. Chitseko ndinachiimika pamalo pake, loko ndinamuyesa. Zidutswa zinathera pamene khoma linafika m'khosi mwanga. Chitseko chinatsala chili chachitali kuposa khoma lake.

Ndinakhala pabedi kudikira. Ndinkadziwa chimene ndamanga. Munthu wofuna kusuzumira akanangoima pafupi.

Mwana wanga anafika mochedwa, basi itagwidwa mumsewu. Ndinatuluka kuti ndimupatse malo. Anaima akuyang'ana khomalo. Anthu anatuluka m'tizipinda tawo. Kenako ndinamva kiyi akulowa m'loko. Anatsegula, analowa, anakhoma mkati. Mutu wake, akuti, unkaonekera pamwamba pa khoma ngati wa munthu ali m'chitsime chosazama. Bedi linalira. Anali atakhala pansi.

"Ababa, mukundiona?"

"Ine sindikuona ngakhale utaimirira."

"Amama, mukundiona?"

Amayi a ku Chipata anayandikira mpaka pamene munthu amadutsa popita kubafa.

"Awe."

"Nanga achimwene a ku Lusaka?"

Dalaivala anali pakhomo pake.

"Sinikuona. Sinizayang'ana futi."

"Basi," anatero mwana wanga ali mkatimo. Sanatuluke msanga. Tinamusiya.

Opaleshoni inachitika mu February. Atandimasula bandeji, dziko linabwera ndi m'mphepete mwake monse. Ndinaona nkhope ya mwana wanga, yokalamba kuposa imene ndinkaisunga m'mutu. Titafika ku fulati ndinaona khoma langa. Zidutswa za penti wosiyanasiyana, zoyera, zachikasu, china chili ndi kalendala ya eni ake yomatirira theka. Mizere yokhota. Tepi yotukuka. Moyo wanga wonse sindinasiyepo ntchito yonyansa chotero. Mkati mwake mwana wanga anali atakhomamo chitenje kubisa misoko.

Ndinati ndilikonzenso, tsopano ndikuona. Anakana. Anati lisagwidwenso.

Ndinabwerera ku Dedza kusanayambe kutentha. Chikwama ndinachimanga ndi chingwe cha nsalu. Za mphira zija ndinamusiyira, zili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Madamu aja anaimbanso, iye sanapite. Akukhalabe pakona ya kubafa. Amavala atakhala pabedi, ndipo tsitsi amapesa ataweramira. Kiyi ali naye yekha.